Akufuna chithunzi cha agogo anga a pa Wenela akachiike pachionetsero, ndipereke?

Nachisale_Fordsburg:

Abale anga a pa Joni pano ndithandizeni nzeru, nkhaniyi yandisowetsa tulo sabata yachiwiri ino. Ine ndimasoka ku Fordsburg, kashopu kena chapafupi ndi Oriental Plaza, kwathu ndi ku Ntcheu kwa Ganya. Mu December ndinapita kumudzi kukamanga chiliza cha agogo aakazi nde tikukonza m'nyumba mwawo tinatsegula thiranki yawo ija yachitsulo, yobiriwira, imene ife adzukulu tinkangoiona ili kunsi kwa bedi osaloledwa olo kuikhudza. Pansi penipeni, kunsi kwa zitenje zoti sanazivalepo, munali envulopu ya khaki ataikulunga mu jumbo. M'katimo munali kabuku ka agogo aamuna ka pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya kuno ku Joni, kali ndi nambala yawo ndi chidindo cha chala, dzina analilemba mokhota moti amayi poyamba anakana kuti si ka bambo awo, munalinso makalata awiri amene ankalembera agogo aakazi ali ku mgodi, ndi chithunzi chimodzi cha mu situdiyo. Pachithunzipo avala suti yowakulira pang'ono m'mapewa, chipewa chapendekera kumanzere, dzanja aliika pa wailesi, kumbuyo kwawo kuli chinsalu chojambulidwa nyanja ndi mitengo ya kanjedza. Kuseri kwake analemba ndi pensulo kuti 1971 basi.

Ine agogowo sindinawaone, anamwalira ndisanabadwe, timangomva kuti anabwerako ndi njinga, makina osokera a Singer omwe ine ndinaphunzirirapo, ndi chifuwa chosatha.

Amayi anati tenga ukazijambulitse bwino ku Joni, kuno chiswe chimaliza. Nde tsiku lina ndinaziyala patebulo kushopu ndikuzijambula ndi foni, kunalowa kasitomala wanga wina, mtsikana wa ku Soweto amene amaphunzira za art ku Braamfontein, amakonda kubweretsa nsalu zachilendo kuti ndimusokere. Ataona chithunzicho anangokhala pansi osayankhula. Kenako akuti agogo ake nawonso anali a ku Nyasaland, anabwera kudzagwira mgodi osabwereranso, anakwatira konkuno n'kufera konkuno, iyeyo watsala ndi mfunda wokha, chithunzi alibe, mudzi saudziwa, Chichewa amangodziwa zikomo.

Pano akundipempha kuti ndimubwereke zinthuzi apangire ntchito yake yomalizira sukulu. Akufuna chithunzicho achisindikize pansalu yaikulu ngati chitseko, ine ndisokepo ndi ulusi wofiira njira yochokera ku Ntcheu mpaka kuno, chidindo cha chalacho achikulitse chidzaze khoma lonse, ndipo makalatawo wina awerenge mawu azimveka pa sipika anthu akamalowa. Zosokazo akuti andilipira.

Ndinaimbira amalume, poti iwo ndiwo eni mbumba, anangoti munthu anagona kalekale inu mukufuna mukamupachike pakhoma azungu azikamuloza zala? Foni n'kudula.

Nde funso langa ndi ili. Kodi zotenga mapepala akale a anthu akufa n'kupangira art zimachitikadi kapena mwanayu wangoziganiza yekha? Nanga ndikapereka ndiye kuti ndawalemekeza agogo kapena ndawagulitsa? Mtima wina ukundiuza kuti m'thirankimo akhalamo zaka zoposa 50 popanda owaona, winanso ukuti amalume sakunama.

Bambo_a_Chisomo_Diepsloot:

Achemwali musapereke. Ndanena ine. Amalume anu akudziwa chimene akunena, nkhani ya malemu saweruza mdzukulu ali kutheba akuluakulu ali moyo kumudzi. Anthu a art awa lero alira nanu mawa mudzangomva kuti chithunzi chili mu gallery ku Rosebank pamtengo woti inu simungaupeze olo mutasoka chaka chathunthu usana ndi usiku. Mukuchidziwa chithunzi chija cha Hector Pieterson, mwana wasukulu amene anaomberedwa ndi apolisi ku Soweto, cha pa 16 June 1976, dziko lonse lapansi linachiona, koma amene anachijambula Sam Nzima umwini wake anadzaupeza mu 1998 patatha zaka 22, ndiye ameneyo mwini kamera, nanga inu amene mwangobwereketsa mudzadandaula kwa ndani? Komanso chala cha munthu si choseweretsa, kwathu ku Dowa olo tsitsi lometa sitilisiya poyera. Pangani fotokope, zenizenizo mupatse transporter wodalirika zibwerere kumudzi, nkhani yatha.

Wamakhoma:

Bambo a Chisomo mbali ina mwanena zoona koma ndiloleni ndimuyankhe mlongo wathuyu motalikirapo chifukwa iyi ndi ntchito imene imandidyetsa. Ine si artist ayi, ndimapachika zithunzi m'ma gallery, chaka cha 11 chino, kuboola makoma, kuyeza ndi levulo, kunyamula mafelemu titavala magolovesi oyera, nde zambiri ndimaziona ndekha m'mawa anthu asanalowe chipinda chili zii, ndipo mukapachika chinthu kwa masiku atatu mumayamba kuchifunsa mafunso.

Kuti zimachitika, eee zimachitika kwambiri, kuno ku Joni ndiye kuchimake. Munthu amene mtsikanayo akuponda m'mapazi mwake, kaya akudziwa kaya ayi, ndi Santu Mofokeng, wojambula zithunzi wa ku Soweto amene anamwalira mu 2020. Iyeyu ankayenda m'makomo kupempha zithunzi zakale za mabanja achikuda, zija anthu ankapita okha ku situdiyo atatchena n'kulipira ndalama zawo, za pakati pa 1890 ndi 1950, zina zitatuwa zina zitadyeka m'mbali. Anazijambulanso, n'kufufuza mayina pamene akanatha, n'kuzionetsa mu 1997 pa chionetsero chachikulu cha art chotchedwa Johannesburg Biennale, ntchitoyo imatchedwa The Black Photo Album. Chimene chinkamuwawa n'choti m'mabuku a atsamunda munthu wakuda wa nthawi imeneyo amangooneka ali ndi mikanda ndi nthungo ngati chitsanzo cha mtundu, wopanda dzina, pomwe m'nyumba za anthu muli agogo atavala makolala ndi madiresi ofika m'mapazi, mmene eni akewo ankafunira kuti azioneka.

Apa ndi pamene ndikufuna muonetsetse mlongo. Mu envulopu yanuyo muli agogo awiri. A m'kabuku aja ndi agogo a kampani, nambala, chala, dzina lokhota, anawalemba ena osawafunsa. A pachithunzi aja ndi agogo a iwo eni, suti anasankha okha, mwina anachita kubwereka kwa mnzawo wa mu komponi nchifukwa ikuwakulira, chipewa anapendeketsa okha, analipira okha, n'kutumiza kumudzi kuti anthu aone kuti mwana wa kwa Ganya ali bwino. Chithunzi chimenecho anachijambulitsa kuti chionedwe. Kabukuko ayi.

Ndipo za chipewazo musazione mopepuka. Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu amene amaphunzitsa ku Oxford, anatenga chithunzi cha 1914 cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale mnzake John Chorley pa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe ku Chiradzulu, Chilembwe chipewa chili kumutu, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kuchokera pa chithunzicho anapanga chiboliboli, Chilembwe n'kumukulitsa pafupifupi kawiri kuposa Chorley, ndipo chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu September 2022, dzina lake Antelope. Ife Chilembwe tikakhala kumudzi timamugwira tsiku ndi tsiku pa K2000 osamuyang'ana n'komwe, koma kachithunzi kamodzi kotuwa kanapangitsa anthu a ku London, kumene kunkachokera ulamuliro womwe unamupha uja, kuima n'kufunsa kuti kodi ameneyu ndani. Tsiku limene ndinaziona pa foni ndinali pa makwerero ndi dirilo m'manja, ndinatsika kaye.

Wina amene zake zikufanana ndi zanuzi ndi Lebohang Kganye wa ku Katlehong, anaphunzira pa Market Photo Workshop ku Newtown. Mayi ake atamwalira anatenga zithunzi zawo za m'alubamu, n'kuvala zovala za mayi akewo, n'kukaima mmene iwo anaimira, kenako n'kuphatikiza zithunzi ziwirizo moti umaona mayi ndi mwana wina ali ngati chithunzithunzi cha mnzake. Mu 2024 anapata mphoto yaikulu ya ojambula zithunzi yotchedwa Deutsche Börse ku London. Koma muone kusiyana kwake, amenewo ndi mayi ake omubereka, chisoni n'chake, sanabwereke kwa munthu. Mtsikana wanuyo akubwereka agogo anu kuti alirire ake, si tchimo ayi, machona anasiya ana ambiri kuno amene akufunafuna kwawo, koma wobwereka satsogola.

William Kentridge, artist wa konkuno ku Joni, nayenso anatenga buku la ndalama la mgodi wa ERPM wa ku Boksburg la chaka cha 1906, n'kujambula ndi makala zitunda za dothi la m'migodi pamwamba pa manambala a akalaliki. N'zokongola sindikana, koma ine ndikaziona mtima umangofunsa za anthu amene anakumba dothilo, poti m'buku la ndalama munthu amalowamo ngati mtengo wa katundu. Inu muli ndi chimene mabuku amenewo alibe, nkhope ndi dzina ndi mudzi.

Nde ine ndikanati chithunzi inde, amalume akalola. Koma zenizenizo zisachoke m'manja mwanu olo tsiku limodzi, mupite naye limodzi akapange sikani inu muli pompo mubwere nazo, ndaonapo zinthu za eni zikusowa mu situdiyo za ana asukulu osati mwa kuba koma kusasamala chabe, wina waikapo kapu ya khofi. Mulemberane pepala musainirane. Dzina lonse la agogo lolembedwa bwino ndi mudzi wawo zikhale pakhoma, dzina lanu likhalepo ngati wosoka osati kungokuthokozani kumapeto ndi timalemba tating'ono, ndipo nsaluyo isagulitsidwe banja lisananene, ikagulitsidwa gawo lanu lidziwike lero lomwe. Ndapachikapo nsalu zambiri zosokedwa ndi amayi asanu kapena khumi koma kakhadi ka pakhoma kali ndi dzina la munthu mmodzi, zimandipweteka nthawi zonse ndikamakamata.

Namaseko_Turffontein:

Ine ndikuti perekani asisi, ndipo ndikunena mtima ukuwawa. Kwathu ndi ku Chilobwe, Freddy atabwera mu March 2023 matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ya amayi, anthu anapulumuka Mulungu ngwabwino koma alubamu yonse inapita, cha ukwati wa makolo anga, cha ine ndili wakhanda, cha malemu bambo ali pa njinga yawo ya ku ntchito, zonse. Chatsala n'chimodzi chokha chimene mchimwene wanga anachijambula ndi foni n'kuchiika pa Facebook pa Mother's Day, chosaoneka bwino, kuwala kwa windo kwaphimba theka la nkhope ya bambo. Ana anga agogo awo amawadziwa theka la nkhope. Nde zoti bwezani m'thiranki ine ayi.

Komanso tiyeni tinene chilungamo, mbiri yathu ife ili kuti? Mapepala oyambirira a boma la atsamunda anapsa ndi moto ku Zomba mu 1919, National Archives inadzayamba mu 1947, ndipo zakale zimene zili mmenemo zambiri ndi zimene ma DC ndi amishoni analemba za ife. Nthawi ya Kamuzu anthu ankawotcha okha makalata ndi zithunzi wachibale akangomangidwa kapena akathawa, kuopa kupezeka nazo, azakhali anga anaotcha za amuna awo ndi manja awo kuseri kwa bafa usiku, mpaka anamwalira akuzinena. Ndege ya Wenela inagwa ku Francistown pa 4 April 1974 itanyamula anthu obwerera kumudzi atamaliza kontirakiti, Amalawi oposa 70 anafera pomwepo ndi katundu wawo yense amene anavutikira, Kamuzu mpaka analetsa Wenela kulembanso anthu, ndipo nthawi imeneyo Amalawi a m'migodi ya kuno anali opitirira 100,000. Anadzayambiranso mu 1977 mpaka zinathera pa mkangano woyeza HIV uja cha mu 1988. Koma imani pa Wenela ku Blantyre lero mufunse achinyamata amene akukwera basi yobwera konkuno kuti dzina limeneli linachokera kuti muone angati ayankhe. Ine ndinafika Fomu 4 osamvapo za ndegeyo, ndinadzamvera kuno kwa gogo wina ku tchalitchi. Ngati pali mwana amene akufuna kuziika pakhoma anthu aone, ine ndimuthandiza kugwira makwerero.

Ziwiri zokha ndikuchenjezeni. Musalaminete chilichonse, pulasitiki ija ikamata siichokanso ndipo kutentha kwa makinawo kumaononga pepala lakale, selotepinso ayi, ingoikani chilichonse pakati pa mapepala oyera mu faelo pamalo opanda chinyezi. Chachiwiri kabukuko musakatumize ndi transporter monga anenera bambo a Chisomo, pepani bambo. Nambala imene ili mmenemo ndi imene imathandiza mukamafunsa ku Tshiamiso Trust, thumba lija la R5 billion limene makampani 6 a golide anagwirizana kulipira anthu amene anadwala silicosis ndi TB chifukwa cha fumbi la mu mgodi, limawerengera amene anagwira kuyambira mu 1965 ndipo munthu akamwalira a pabanja amatha kukafunsa. Sindikukulonjezani kanthu, zimatengera mgodi wake ndi mapepala a kuchipatala, koma poti mwatchula chifuwa kafunseni ndithu, ndipo musapatse munthu aliyense ndalama kuti akuthandizeni kulembetsa. Mtsikanayonso muuzeni kuti mapepala akale a TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, amasungidwa ku laibulale ya University of Johannesburg, poti ndi wasukulu akayese kufufuzako za agogo ake enieni.

MwanaWaSinyala_Mayfair:

Ndawerenga zonse mwalembazi ndipo ndimafuna ndingodutsa koma zandikanika. Ine ndine wamkulu kwa ambiri a inu, bambo anga anapita ku mgodi maulendo atatu, ndipo za kumeneko sanatiuzepo kanthu, timangomva Fanakalo, chiyankhulo cha m'migodi chija, akakwiya basi. Ndimayendetsa galimoto kuno, nde chaka china abwana anali ndi alendo ochokera kunja ndinawaperekeza ku Apartheid Museum, anandigulira tikiti ndinalowa nawo. Mkatimo muli zithunzi za Ernest Cole, wojambula wachikuda wa konkuno wa nthawi ya tsankho. Chimodzi mwa izo amuna aima pamzere ali mbulanda, manja m'mwamba, ayang'ana kukhoma, akudikira kuyezedwa kuti alowe ntchito ya mgodi. Nditafika pamenepo nkhongono zinazizira. Nkhope sizioneka koma msana wina unali ngati wa bambo anga ndendende, mmene unkaonekera akamasamba kumaso pakhonde m'mawa. Alendo aja anayang'ana pang'ono n'kupitirira, ine ndinatsala.

Mpaka lero mtima wanga uli pawiri pa chithunzi chimenecho. Cole akanapanda kujambula mobisa n'kuthawa nazo m'dziko muno mu 1966 bwenzi ine sindikudziwa chimene bambo anga ankatibisira, ndipo iyeyo sanadyerepo, anafera ku New York mu 1990 ali wosauka, mafilimu ake oposa 60,000 anadzapezeka mu 2017 m'banki ku Sweden. Koma amuna ajawo palibe anawapempha, ndipo bambo anga akanakhala moyo sakanafuna kuti ine mwana wawo ndione zoterozo. Ziwiri zonsezi n'zoona nthawi imodzi.

Nchifukwa chake za chalazo ine ndikukana limodzi ndi bambo a Chisomo, kungoti chifukwa changa n'china. Mwana wanga, agogo akowo ankadziwa kulemba, makalata awiriwo ndiwo umboni, koma anawagwira dzanja n'kuwadinditsa chala ngati munthu woti sukulu sanaione. Kuchikulitsa chala chimenecho mpaka kudzaza khoma ndi kuwagwiranso dzanja kachiwiri. Ngati mwanayo akufuna dzanja la agogo pakhoma, akulitse pamene iwo analemba okha dzina lawo kumunsi kwa kalata, limenelo ndiye dzina losakhota. Koma mawu a m'makalatamo ndi a anthu awiri, mwamuna ndi mkazi wake, gogo wako anawakulunga mu jumbo n'kuwabisa kunsi kwa zitenje ali ndi chifukwa, si a pa sipika amenewo.

Amalumewo usawaimbire ngati ukupempha chidindo ku ofesi. Iwowo ndi mwana wa munthu ali pachithunziyo, mwina sanachione chiyambire ali mnyamata. Katsukitse chachikulu bwino, uike mu felemu, utumize ndi munthu wopita kumudzi pamodzi ndi kashuga, usanene za chionetsero, udikire aimbe okha. Ndipo mtsikanayo upite naye ku Workers' Museum ku Newtown, komponi yakale ya khonsolo ya 1913, si ya mgodi koma kagonedwe n'komweko, akaone mabedi a simenti ondondozana, akagonepo olo mphindi ziwiri asanayambe kusindikiza nsalu. Ine ndinapitako kalekale nde ufunse kaye masiku amene amatsegula.

Wamakhoma:

Bambo a ku Mayfair za dzina lolemba okhazo mwandiposa, sindinaziganize. Pamodzi pokha nditsutse mwaulemu, kabukuko kasabisidwe kotheratu chifukwa ndi umboni. Artist wina dzina lake Sue Williamson mu 1990 anatenga dompas, chiphaso chimene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nacho nthawi ya tsankho, ya bambo wina n'kuika tsamba lililonse mu felemu yakeyake, ukamayenda ndi maso umangoona zidindo ndi masiginecha a mabwana chaka ndi chaka, palibe amene angakuuze kuti sizinachitike. Nde kopi ya chikuto cha kabukuko ikhalepo koma pa saizi yake yeniyeni, kakang'ono mmene kalilimo, pambali pa agogo a chipewa otalika ngati chitseko, tsamba la chala likhale lotseka. Chilembwe ndi Chorley uja basi.

Nachisale_Fordsburg:

Pepani ndinasowa, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Zikomo nonse, ndi inu bambo a Chisomo omwe chifukwa mawu anu ndi amene anandilimbitsa kuti pepala lisainidwe. Ndinachita monga ananenera bambo a ku Mayfair, ndinatsukitsa chachikulu n'kupatsa mayi wina wa kwathu amene amapita pa basi. Panatha masiku 9. Lamulungu madzulo foni ikulira, vidiyo ya WhatsApp pa nambala ya msuweni wanga, kuyankha ndi amalume akhala pampando pakhonde felemu ili pamiyendo, osayankhula, ine ndimvekere malume mukundimva, iwo chete, mpaka ndinaganiza kuti netiweki yaima.

Kenako anaseka pang'ono akupukuta m'maso, amvekere wailesi iyi ife tinaidikira chaka chathunthu. Akuti chithunzicho chitafika pamudzi ana onse anauza anzawo kuti bambo akubwera ndi wailesi, tsiku lofika anamasula katundu yense wailesi mulibe, inali ya mu situdiyo. Suti inalidi yobwereka a Wamakhoma, ya mnzawo wa ku Mzimba amene ankagona naye chipinda chimodzi. Koma chipewa chinali chawo, ankachivala ku tchalitchi ndi pa milandu kwa amfumu, ndipo anawaika nacho m'manda. Tinayankhula mpaka bandulo kutha, anandiuza zinthu zoti amayi omwe akuti sanazimvepo, anatchulanso amuna awiri a mudzi woyandikana nawo amene anatsala pa ndege ya ku Francistown ija, mayi Namaseko, mayinawo ndawalemba m'kope langa la miyezo.

Za chionetserozo ndinazinena kumapeto. Chigamulo chawo n'choti chithunzi chipite, dzina lolemba okha lipite, chala ayi, makalata ayi, ndipo nsaluyo ikamaliza za kusukulu ibwere kwa Ganya anthu a pamudzi adzaione, isagulitsidwe. Anafunsanso mfunda wa mtsikanayo, nditawauza amvekere ameneyo ndi mwana wathu, umuuze adzabwere nayo yekha nsaluyo. Mtsikanayo za chalazo zinamuwawa, akuti ndi pamene panali mphamvu ya ntchito yake yonse ndipo aphunzitsi ake anali atavomera kale, tinakangana pang'ono mushopu momwemo, koma nditamuonetsa mmene agogo ankalembera dzina lawo, chilembo choyamba chopindikapindika ngati cha pa satifiketi, anachiyang'ana nthawi yaitali n'kuvomera. Za kabuku kotseka zija wazikonda. Sikani tikapanga Lachiwiri, ine ndili pompo. Ku Tshiamiso ndiimba sabata ya mawa.

Chimene chandibwezera m'mbuyo ndi njira ya ulusi ija. Ine ndinali nditajambula kale ndi choko pansalu yoyesera njira imene ndimaidziwa, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mmene timayendera pa basi. Amalume akuti ayi agogo ako sanadutse kumeneko, anakwera ndege pa Chileka mpaka Francistown, kuchoka apo sitima. Nde ndafufuta choko chonse ndiyambirenso. Amene muli ndi makolo kapena agogo amene anayenda ulendo umenewu ndipo akadali moyo, ndifunsireniko chonde, sitimayo ikafika mu Joni muno inkawatsitsa pati, ndipo asanawagawe m'migodi ankagona kuti? Ndikufuna ulusiwo ukathere pamalo penipeni.